Nikolaus Otto: wogulitsa khofi amene adapeza ndondomeko ya injini ya galimoto

Mwezi wa March chaka chatha ndidali kumudzi ku Chinguluwe, m'boma la Salima, pamene mwana wa msuweni wanga adayamba kukomoka usiku chifukwa cha malungo. Nditamuona ndidadziwa kuti akufunika kuchipatala chachikulu kuboma, choncho tidachita hayala galimoto ya bambo ena a m'dera lomwelo imene amanyamulira thonje ndi chimanga. Tili pakati pa ulendo, injini idangozima. Padalibe utsi kapena phokoso lalikulu. Adalaivala akayesa kuliza, sitata inkangozungulira mopepuka koma injini osadzuka. Mwanayo tidamukweza pa njinga yamoto ya kabaza ali m'manja mwa mayi ake. Adafika ndipo adachira, koma galimoto ija idakhala pamiyala miyezi inayi.

Makaniko atatsegula adapeza kuti lamba wa mano amene amakhala kutsogolo kwa injini, yemwe amakaniko amamutchula timing belt, waduka, ndipo mavalavu angapo apindika. Mwina inunso mudamvapo dzinali kugalaja. Kuti mumvetse chifukwa chimene lamba wa labala angaphere injini yonse m'kanthawi kochepa, muyenera kudziwa mbiri ya munthu wina wa ku Germany amene adamwalira m'chaka cha 1891, lamba wotereyu asadapangidwe n'komwe. Dzina lake ndi Nikolaus August Otto.

Mwana wamasiye wogulitsa khofi

Otto adabadwa pa 10 June 1832 m'mudzi wa Holzhausen an der Haide. Bambo ake, omwe ankayendetsa nyumba ya alendo ndi positi, adamwalira chaka chomwecho, ndipo mwanayo adaleredwa ndi mayi ake. Kusukulu ankakhoza bwino, koma adalekeza ali ndi zaka 16 n'kukaphunzira ntchito ya m'sitolo m'tauni ya Nastätten. Atachoka kumeneko adakagwira ntchito ku Frankfurt, kenako adasamukira mumzinda wa Cologne komwe kudali mkulu wake Wilhelm.

Ntchito yake idali yoyendayenda m'matauni kutsatsa khofi, tiyi, shuga ndi mpunga kwa eni masitolo. Sadapite ku yunivesite ndipo sadaphunzire uinjiniya. Mu 1858 adakumana ndi mtsikana wotchedwa Anna Gossi, koma ukwati wawo udadikira zaka khumi chifukwa mnyamatayo adalibe ndalama zoyambira banja. Kangachepe kamene ankapeza kankathera pa zitsulo.

Injini yoyamba idasweka

Masiku amenewo mafakitale ankayendera makina a nthunzi. Makinawa adali aakulu ndi odula, moti mmisiri wamng'ono, monga wosindikiza mabuku kapena kalipentala, sakadakwanitsa kugula. Mu 1860 kudamveka mbiri yakuti ku Paris, Étienne Lenoir wapanga injini yoyaka moto mkati mwake, yoyendera gasi wochokera ku malasha, yemweyo amene ankayatsira nyale za m'misewu. Injini ya Lenoir inkayenda ndithu, koma inkadya gasi wambiri ndipo mphamvu yake idali yochepa.

Otto adachita nayo chidwi. Mu 1861 adalipira makaniko wina wa ku Cologne, Michael Zons, kuti amupangire injini yaing'ono yonga ya Lenoir. Poiseweretsa adaona kuti mpweya wosakaniza ndi gasi ukayamba wapanikizidwa usadayatsidwe, kuyaka kwake kumakhala kwamphamvu kwambiri. Chaka chotsatira adapangitsa injini yokulirapo yotsata nzeru imeneyi. Idayenda kanthawi kochepa n'kusweka, chifukwa kuphulika kwa mkati kunkamenya zitsulo mopitirira muyeso. Otto adaiona njira imeneyi ngati yosatheka ndipo adaisiya kwa zaka zoposa khumi.

Apa n'kuti ntchito yogulitsa khofi ataisiya ndipo ndalama zikumuthera. Mwayi udabwera pamene adakumana ndi Eugen Langen, injiniya wophunzira bwino, mwana wa mwini fakitale ya shuga. Langen adabweretsa ndalama ndi luso, ndipo mu 1864 awiriwa adatsegula kampani ya N.A. Otto & Cie, fakitale yoyamba padziko lonse yopanga mainjini a mtunduwu.

Injini imene adayamba kugulitsa idali yachilendo. Idali yoimirira ngati mtondo wautali. Gasi akayaka ankaponya pisitoni m'mwamba, kenako mpweya wa kunja ndi kulemera kwa pisitoniyo zinkaibwezera pansi, ndipo pobwerera pansipo m'pamene inkazunguza gudumu. Inkasokosera kwambiri, koma inkadya gasi wosafika theka la amene ya Lenoir inkadya. Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1867 idalandira mendulo ya golide. Maoda adayamba kubwera, ndipo mu 1868 Otto adakwatira Anna uja. Fakitale idasamukira ku Deutz, kutsidya kwa mtsinje wa Rhine, ndipo mu 1872 idalemba ntchito amisiri awiri amene mayina awo mudawamvapo, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach.

Maulendo anayi a pisitoni

Injini yoimirira ija idali ndi malire. Siinkapitirira mphamvu ya mahosipawa atatu, ndipo ikakula inkafuna denga lalitali. Anthu atayamba kufuna zamphamvu, Otto adabwerera ku nzeru imene idamuswera zitsulo mu 1862. Mu May 1876 injini yatsopano idayenda, ndipo idayenda mwakachetechete poyerekeza ndi yakale ija. Ndondomeko yake ndi imene ili m'galimoto, m'minibasi, m'ambulansi ndi m'njinga zamoto zambiri zimene mumakwera lero.

Ganizirani jakisoni wopanda singano. Chubu chake ndiye silinda, chokankhira chija ndiye pisitoni. Pamwamba pa silinda pali zitseko ziwiri zotchedwa mavalavu, yolowetsa ndi yotulutsa. Pisitoni imayenda maulendo anayi. Pa ulendo woyamba imatsika valavu yolowetsa ili yotsegula, ndipo imakoka mpweya wosakaniza ndi mafuta. Pa wachiwiri imakwera mavalavu onse ali otseka, n'kupanikiza mpweyawo. Pa wachitatu mpweya umayatsidwa, moto umakankhira pisitoni pansi, ndipo apa pokha m'pamene mphamvu imachokera. Pa wachinayi pisitoni imakweranso valavu yotulutsa ili yotsegula, utsi n'kutuluka. Kenako zimayambiranso.

Pisitoni imazunguza chitsulo chokhotakhota cha pansi pa injini chotchedwa crankshaft, monga momwe miyendo yanu imazunguzira mapedulo a njinga. Kutsika ndi kukwera kamodzi ndi kuzungulira kumodzi, choncho maulendo anayi amafuna kuti crankshaft izungulire kawiri. Koma valavu iliyonse iyenera kutseguka kamodzi kokha m'maulendo anayiwo. Ndiye chitsulo chotsegula mavalavu chiyenera kuzungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Pa injini ya Otto, ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi chitsulo cha m'mbali choyendetsedwa ndi magiya. Pa galimoto ya lero chitsulo chimenechi ndi camshaft, ndodo yachitsulo yokhala ndi timabampu tooneka ngati dzira timene timakankha mavalavu. Giya ya camshaft imakhala ndi mano owirikiza kawiri a giya ya crankshaft: iyi ikakhala ndi mano 20, inayo imakhala ndi 40.

Otto mwini wake sadamvetse bwino chifukwa chimene injini yake inkayendera mosalala. Iye ankakhulupirira kuti chinsinsi chagona poti gasi ndi mpweya zimasanjikizana m'magawomagawo mkati mwa silinda, ndipo adaumirira mfundo imeneyi. Akatswiri a pambuyo pake adaona kuti chachikulu ndi kupanikiza kuja ndi kuchita chilichonse pa nthawi yake. Ngakhale zidali choncho, injiniyo idagulidwa kwambiri. M'zaka khumi zotsatira adapanga zoposa 30,000.

Ndili ku koleji ya zaumoyo tidaphunzira kuti mtima uli ndi mavalavu anayi, ndipo kugunda kumene timamvera pachifuwa cha wodwala ndi phokoso la mavalavuwo akamatseka. Valavu imodzi ikamalephera kutseka bwino, monga zimachitikira ana ena amene zilonda za pakhosi zidawaonongera mtima, magazi amabwerera m'mbuyo ndipo mwana amapuma movutika. Injini nayo imadalira zitseko zotseguka ndi kutseka pa nthawi yake. Kusiyana kwake n'kwakuti mavalavu a mtima amakankhidwa ndi magazi omwewo, pamene a injini amadikira camshaft. Liwiro lakenso ndi lina. Mtima wa munthu wamkulu akamapumula umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ka 25 pa sekondi imodzi.

Milandu ndi imfa

Mu 1877 boma la Germany lidapatsa Otto chiphaso cha umwini wa luso lake, cha nambala 532. Aliyense wofuna kupanga injini ya maulendo anayi ankayenera kulipira kampani ya Deutz. Ndalama zidalowa, koma mtendere udachepa. Otto ndi Daimler sankagwirizana, ndipo mu 1882 Daimler adachoka pamodzi ndi Maybach. Awiriwa ankafuna injini yaing'ono yothamanga yoti iikidwe pa ngolo, pamene mainjini a Otto adali olemera, omangiriridwa pansi m'mafakitale. Chaka chomwecho yunivesite ya Würzburg idapatsa Otto digiri yaulemu ya udokotala, munthu amene sukulu adalekeza ali ndi zaka 16. Mu 1884 adapanga njira yoyatsira injini ndi magetsi a maginito, zimene zidathandiza kuti injini izitha kuyendera mafuta amadzi kutali ndi mapaipi a gasi a m'tauni.

Opikisana naye adafufuza njira yothetsera chiphaso chija ndipo adaipeza. Kudapezeka kuti mu 1862 injiniya wa ku France, Alphonse Beau de Rochas, adali atalemba kale papepala ndondomeko ya maulendo anayi, ngakhale sadapange injini ndi imodzi yomwe. Pa 30 January 1886 khoti lalikulu la ku Leipzig lidafafaniza mbali zikuluzikulu za chiphaso cha Otto. Dzulo lake, pa 29 January, Carl Benz adali atapereka pempho la chiphaso cha ngolo yake ya mateyala atatu, imene ambiri amaiwerenga ngati galimoto yoyamba. Kuyambira pamenepo aliyense ku Germany adali ndi ufulu wopanga injini ya mtunduwu, ndipo luso lidafalikira mofulumira.

Chigamulochi chidamupweteka Otto kwambiri, chifukwa chidakhudza ulemu wake monga woyambitsa. Adamwalira ku Cologne pa 26 January 1891 ali ndi zaka 58, ndipo adaikidwa m'manda a Melaten mumzinda womwewo. Mwana wake Gustav adadzakhala wopanga ndege ku Munich. Kampani ya Deutz ilipobe ndipo ikupangabe mainjini. Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel adaiyendetsa bwino mu 1897, ilibe mapulagi chifukwa mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, koma zambiri za m'magalimoto zimatsata maulendo anayi omwe aja.

Lamba adalowa bwanji?

Kwa zaka zambiri crankshaft ndi camshaft zinkalumikizidwa ndi magiya kapena tcheni. Lamba wa mano adayamba kugwira ntchito pa makina osokera m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1962 kampani ya Glas ya ku Germany idatulutsa galimoto yoyamba yopangidwa mochuluka yokhala ndi lamba wotere mu injini. Opanga magalimoto adamukonda chifukwa ndi wopepuka, wotsika mtengo, sasokosera ndipo safuna oyilo. Mano ake amalumana ndi mano a magiya kuti asaterereke. Kuipa kwake n'kwakuti ndi labala wokhala ndi ulusi mkati, choncho amakalamba, ndipo nthawi zambiri amaduka osachenjeza.

Pa mainjini ambiri, makamaka a dizilo, pisitoni ikafika pamwamba imakhala pamalo pomwe valavu yotseguka imafika. Ziwirizi sizikumana chifukwa chakuti lamba amazisiyanitsa nthawi. Lamba akaduka, camshaft imaima mavalavu ena ali otseguka, koma mapisitoni amapitiriza kukwera chifukwa cha liwiro, n'kuwamenya. N'zimene zidachitika usiku uja tikuchokera ku Chinguluwe. Sitata inkazungulira mopepuka chifukwa mavalavu opindika sankatsekanso, ndipo mudalibe mpweya woti upanikizidwe.

Si galimoto iliyonse ili ndi lamba. Ma Sienta ndi ma Probox a petulo amene adzaza m'misewu yathu ali ndi tcheni chachitsulo chimene chimakhalitsa ngati oyilo akusinthidwa pa nthawi yake. Koma ma Hiace, Hilux ndi Land Cruiser ambiri a dizilo, omwe ndi amene amanyamula odwala ndi anthu ambiri kumidzi, ali ndi lamba, ndipo ena mwa iwo ali ndi getsi lolembedwa T-BELT limene limayaka nthawi yosintha ikakwana. Opanga magalimoto amapereka malire osiyanasiyana, ambiri pakati pa makilomita 60,000 ndi 150,000, ndiponso malire a zaka, chifukwa labala amafooka ngakhale galimoto isakuyenda kwambiri. Nambala yeniyeni ya galimoto yanu ili m'buku lake.

Zimene makaniko ayenera kuchita

Ngati mwapereka galimoto kuti asinthe lamba, izi n'zimene muyenera kuona. Injini ikhale yozizira ndipo batire lichotsedwe. Ife kuchipatala timasoka zala za anthu amene adaika dzanja pafupi ndi lamba wina n'kuliza injini mosadziwa.

Asadachotse lamba wakale, makaniko amazunguza crankshaft ndi sipanala, kulowera mbali imene injini imazungulira, mpaka zizindikiro zonse zitayang'anizana. Pa giya ya crankshaft pali chizindikiro, pa giya ya camshaft palinso china, ndipo chilichonse chili ndi chinzake pa thupi la injini. Pa mainjini ambiri zikakumana ndiye kuti pisitoni yoyamba ili pamwamba, kumapeto kwa ulendo wachiwiri uja wopanikiza. Injini ikakhala ndi ma camshaft awiri, onse ayenera kukhala pa zizindikiro zawo, ndipo amawamanga ndi chida kuti asasunthe, chifukwa masipuling'i a mavalavu amatha kuwatembenuza lamba akangochoka. Pa mainjini ena a dizilo, pampu ya mafuta imayenderanso lamba yemweyo ndipo ili ndi chizindikiro chake.

Kenako amamasula kagudumu kokungira lamba, kamene amakatchula tensioner, n'kuchotsa wakaleyo. Kuyambira apa pasakhale wozunguza crankshaft kapena camshaft mwachisawawa. Makaniko wabwino amasintha kagudumu kokungira ndi timagudumu tina totsogolera lamba nthawi yomweyo, chifukwa kagudumu kakale kakagwira kamadula lamba watsopano. Ngati pampu ya madzi imayendera lamba yemweyo, ndi nzeru kuisinthiratu. Ngati penapake pakudontha oyilo, akonze kaye, chifukwa oyilo amafewetsa labala. Lamba watsopano asapindidwe mwamphamvu kapena kukankhidwa ndi sikuludilaiva, ndipo ngati ali ndi mivi, iloze kumene injini imazungulira.

Lamba atakungidwa pamatsala chinthu chimodzi chimene simuyenera kulola kuti chidumphidwe. Asadalize injini, makaniko azunguze crankshaft ndi dzanja kawiri kathunthu, kenako aonenso zizindikiro. Chifukwa chake mwachidziwa kale. Kawiri ndiye maulendo anayi a Otto, ndipo m'pamene camshaft imakhala itazungulira kamodzi n'kubwerera pamene idayambira. Sipanala ikalimba panjira, asakakamize, mwina pisitoni yakhudza valavu. Zizindikiro zikapanda kukumana, lamba achotsedwe aikidwenso. Kuphonya ndi dzino limodzi kumachititsa injini kuvuta kulira, kuchepa mphamvu ndi kutulutsa utsi. Kuphonya ndi mano angapo kukhoza kupinda mavalavu sitata ikangogunda. Poyesa injini pomaliza, zikhale panja kapena zitseko za galaja zili zotsegula, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wosanunkha umene umapha.

Zatsala kwa inu

Magalimoto ambiri amene timagula ndi oti adayendapo kale kunja, ndipo nambala ya makilomita imene ikuoneka siikuuzani tsiku limene lamba adasinthidwa. Ngati palibe chikalata kapena kapepala komatidwa pa injini kosonyeza zimenezi, muoneni ngati sadasinthidwepo. Gulani kwa ogulitsa odalirika, chifukwa malamba achinyengo alipo pamsika ndipo ndi maso simungawasiyanitse msanga. Akasintha, lembani tsiku ndi makilomita pakapepala, mumate pansi pa boneti. Getsi la T-BELT likayaka, musalole kuti angolizimitsa lamba osasintha. Ngati muli mu komiti ya chipatala, ya mpingo kapena ya sukulu imene ili ndi galimoto, funsani pamsonkhano kuti lamba adasinthidwa liti ndipo zidalembedwa pati.

Bambo aja a ku Chinguluwe adandiuza pambuyo pake kuti makaniko adawachenjeza chaka chimodzi ngoziyo isadachitike, koma ankadikira ndalama za thonje. Thonje atagulitsa, ndalamazo zidathera kugula mavalavu, kukonzetsa mutu wa injini ndi kulipira wokoka galimoto, kuphatikizapo lamba yemwe uja ankamuzengereza. Pano galimotoyo ikuyendanso, ndipo pansi pa boneti adalembapo ndi penti yoyera makilomita amene adzasinthirenso.